MKAMWINI WOCHOKERA KUTALI: ZIMENE NDINAMVA PA MILEPA

Sabata ino ndaika pambali nkhani za kaphikidwe ndi kasokedwe, chifukwa ulendo umene ndinayenda ku Milepa, m'boma la Chiradzulu, unandisenzetsa katundu amene sindingathe kumtula ndekha. Ndikupemphani kuti muwerenge mofatsa, pakuti zimene zagwera mayi mnzathu wa kumeneko zikhoza kufika pakhomo pa aliyense wa ife amene ali ndi ana osinkhuka.

Ndinanyamuka ku Limbe m'mamawa pa minibasi, m'nyengo yokolola nandolo. Amene munayendapo m'boma limeneli mudziwa m'mene midzi inathithikirana, kotero kuti munda wa wina uthera pakhonde pa mnzake. Phiri la Chiradzulu linatiperekeza nthawi yaitali, ndipo titalisiya m'mbuyo, phiri la Mulanje linayamba kuoneka patali ngati mtambo wa mvula. Pamsika wa Milepa ndinapeza nandolo m'malichero, chinangwa, mbatata, matemba ouma, zovala za kaunjika, ndi anyamata a kabaza akulimbirana okwera. Chimene chinandikondweretsa koposa ndi zinenero. Mayi mmodzi anandipatsa moni m'Chichewa, natembenuka kukalipira mwana wake m'Chilomwe, ndipo pogula mchere anatsitsa mtengo m'Chiyao. Musaiwale mayi ameneyu, tidzabwereranso kwa iye.

Ndinapita kukaona gulu la amayi a banki m'khonde limene tinathandiza kukhazikitsa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, tinawerenga ndalama, tinalemba m'kaundula, ndipo zonse zinayenda bwino. Koma pamene tinati titseke ndi pemphero, mayi wina amene anakhala chete tsiku lonse anaimika dzanja. Dzina lake sinditchula. Iye anati: "Amayi, inu mumayenda, tandithandizani. Mwana wanga wamkazi, amene agwira ntchito ya unamwino ku Blantyre, wapeza mwamuna. Koma mwamunayo ndi mzungu. Achimwene anga, eni mbumba, akana kukhala ankhoswe, ndipo mwanayo akuti akakanidwa sadzapondanso pamudzi pano. Ine sindigona."

Pomwepo gulu linagawika pawiri. Ena anaomba m'manja nati: "Mukulira chiyani achemwali? Mwalemera! Chaka chino mufolera nyumba ndi malata." Ena anapukusa mitu nati mwana ameneyo watayika. Kenaka anayankhula anganga ena okalamba kwambiri, amene makolo awo anagwira thangata m'minda ya azungu. Iwo anati: "Ana inu simudziwa. Mzungu sakwatira mwana wa munthu wakuda, amangobwereka. Akafuna kubwerera kwawo amasiya mkazi ndi ana pamtetete."

Amayi anzanga, mawu a angangawo sitiyenera kuwaseka, chifukwa ali ndi pochokera. M'boma lomweli la Chiradzulu muli Magomero, kumene kunali minda yaikulu ya A. L. Bruce, ndipo nkhanza za thangata za kumeneko ndi zina mwa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915. M'masiku a utsamunda amenewo, azungu ndi amwenye ambiri m'dziko muno anabereka ana mwa akazi a kumudzi popanda chinkhoswe, popanda mtengatenga, popanda kalata ya ukwati. Ena anasamala ana awo, koma ambiri anawasiya. Anawo, amene anthu anawatcha makaladi, anakula osadziwa poima. M'chaka cha 1929, m'bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre munalowa mlandu wa ngongole ya galimoto pakati pa mzungu wina, Ernest Carr, ndi Suleman Abdul Karim, amene bambo ake anali mmwenye koma mayi ake munthu wakuda. Woweruza, Haythorne Reed, anagamula kuti Karim sawerengedwa ngati mbadwa ya dziko lino. Taganizani, amayi: mwana wobadwira m'dziko muno, woyamwa bere la mayi wa kuno, bwalo n'kunena kuti si mbadwa! Kwa ife amene mwana amatsata kuchikazi, chigamulo chotere chinali chachilendo ndithu.

M'maiko oyandikana nafe zinthu zinali zoipa koposa. Ku Southern Rhodesia, kumene tsopano ndi ku Zimbabwe, lamulo la m'chaka cha 1903 linalanga mwamuna wakuda wopezeka ndi mkazi wachizungu, koma silinakhudze mwamuna wachizungu wopezeka ndi mkazi wakuda. Ku South Africa, kumene abambo athu ambiri anapita kukakumba migodi, boma linaletseratu ukwati wa mzungu ndi munthu wa khungu lina m'chaka cha 1949, ndipo lamulo limenelo linafafanizidwa m'chaka cha 1985. Ngakhale ku America, banja la Richard ndi Mildred Loving linamangidwa m'chigawo cha Virginia m'chaka cha 1958 chifukwa mwamuna anali woyera ndipo mkazi sanali woyera, kufikira bwalo lalikulu la dzikolo linathetsa malamulo otere m'chaka cha 1967. Mukaonetsetsa mudzapeza kuti amene analetsa ukwati wa poyera ndi omwewo amene analekerera zobwereka za mumdima. Chimene chinapweteka amayi a kale si ukwati ndi mlendo ayi, koma kusowa kwa ukwati.

Ndinawakumbutsanso amayiwo za Seretse Khama wa ku Botswana, mwana wa mfumu yaikulu ya Abamangwato, amene anakwatira Ruth Williams, mtsikana wachizungu, ku London m'chaka cha 1948. Bambo ake aang'ono, a Tshekedi Khama, anakana kwamtuwagalu, monga akanira achimwene a mayi wa ku Milepa uja. Koma anthu atasonkhana pabwalo ku Serowe m'chaka cha 1949, anamvomera Seretse pamodzi ndi mkazi wake. Linali boma la Britain, poopa kukwiyitsa South Africa, limene linamletsa kukhala kwawo. Anabwerera m'chaka cha 1956, ndipo m'chaka cha 1966 anakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Botswana, Ruth ali pambali pake. Mwana wawo, Ian Khama, anatsogoleranso dzikolo kuyambira 2008 kufikira 2018. Ruth sanabwereke mwamuna, ndipo Seretse sanabwereke mkazi. Anakhala limodzi kufikira imfa inawalekanitsa m'chaka cha 1980.

Mayi wina anati: "Zimenezo ndi za mafumu a kutali." Ndinamuyankha kuti tisapite kutali, tiyang'ane ku Mbombwe, m'boma lathu lomweli, kumene a Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900. Mkazi wawo, mayi Ida Chilembwe, amene anaphunzitsa amayi a m'dera lino kusoka, anali wa magazi osakanizika. Mbusa Landon Cheek, munthu wakuda wochokera ku America amene anadza kudzathandiza pamishonipo m'chaka cha 1901, anakwatira Rachel, mwana wa m'banja la a Chilembwe, napita naye ku America m'chaka cha 1906. Ndipo Dr. Daniel Malikebu, amene anatsegulanso mishoniyo m'chaka cha 1926, anabwera ndi mkazi wake Flora Zeto, wobadwira ku Congo, amene anaphunzira ku Spelman ku America. Mayi ameneyu anasiya zonse nadzatumikira anthu a ku Chiradzulu zaka zambiri. Choncho nthaka imeneyi inaona kale mwana wake akutengedwa kupita kutsidya la nyanja, inaonanso mwana wa eni ake akubwera kudzakhala wathu.

Tsono tibwerere kwa mayi wa zinenero zitatu uja. Kodi iye anazitola kuti? Alomwe atayamba kulowa m'dziko muno ambirimbiri kuchokera ku Mozambique, cha m'ma 1900, anapeza Amang'anja ndi Ayao, ndipo ananyozedwa ndi dzina lakuti Anguru, kufikira a Lewis Bandawe ndi anzawo anayambitsa bungwe la Alomwe m'chaka cha 1943 nalimbana kuti boma lisiye dzinalo. Nditafunsa pansi pa mango paja kuti ndani ali ndi kholo la mtundu umodzi wokha kuchimuna ndi kuchikazi komwe, manja amene anakwera anali owerengeka. Anganga aja anaseka naulula kuti iwo omwe, Mlomwe, anakwatiwa ndi Myao, ndipo amalume awo anakhala chaka chathunthu osadya nsima ya m'nyumba mwawo. Lero zidzukulu zawo zadzaza mudzi, ndipo palibe amene akumbuka mkangano umenewo. Mlendo wa dzulo ndiye kholo la lero.

Nanga malamulo a dziko lathu akuti chiyani? Malamulo aakulu a m'chaka cha 1994, pa gawo 22, apatsa mwamuna ndi mkazi aliyense ufulu wokwatira kapena kukwatiwa ndi kumanga banja, ndipo aletsa kukakamiza munthu kulowa m'banja. Satchula khungu kapena mtundu. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu woyambira banja, ndipo livomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa chinkhoswe. Kale lamulo la unzika la m'chaka cha 1966 linkaika mkazi wa ku Malawi wokwatiwa ndi mlendo pa chiopsezo chotaya unzika wake, pamene mwamuna wokwatira mlendo sankaopa kanthu. Koma m'chaka cha 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri. Kunena mwachidule, amalume alibe mphamvu ya lamulo yoletsa mwana wamkulu kukwatiwa. Mphamvu imene ali nayo ndi ya ulemu ndi uphungu, ndipo imeneyo akaitaya ndi mkwiyo siibwerera msanga.

Komabe sindinaime ndi amayi oomba m'manja aja. Ndinawauza poyera kuti wokana mkamwini chifukwa ndi woyera, ndi womulandira chifukwa ndi woyera, onse awiri ayang'ana khungu, ndipo palibe amene wayang'ana munthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo atsikana amene akomana ndi amuna a kunja pa Facebook, makolo n'kuwakankha chifukwa cha ndalama za pafoni, osadziwa ngati mwamunayo ali ndi mkazi wina kwawo. Kumeneko si kukwatitsa mwana, koma kumgulitsa.

Nditakhala pawiri ndi mayi wa nkhawa uja, ndinapeza kuti mantha ake enieni sanali pa khungu. Iye anati: "Kuno mkamwini amabwera kudzamanga kuchikazi. Munda uwu ndinalandira kwa amayi anga, ndipo ndimati ndidzausiyira iyeyu. Akapita kwa azungu, adzalima ndani? Zidzukulu zanga ndidzayankhula nazo chinenero chanji? Nanga ndikadwala, adzandisambitsa ndani?" Awa ndi mafunso oyenera, ndipo mayi wa mwana amene akwatiwa ku Karonga kapena ku Johannesburg amawafunsanso. Malo ake owafunsira ndi pa mphasa ya ankhoswe. Nkhoswe akakana kukhala pa mphasapo, mafunsowo safunsidwa, ndipo mwana amapitabe, koma wopanda womuimira tsiku la mavuto.

Choncho tinagwirizana zinthu zinayi zoti mayiyo akauze achimwene ake. Choyamba, mnyamatayo abwere pamudzi masana, aonekere kwa eni mbumba monga achitira mkamwini aliyense. Chachiwiri, abwere ndi nkhoswe yake, munthu wamkulu wodziwika kumene akhala, ndipo makolo ake adziwitsidwe ndi kuyankhula ndi a kuchikazi, ngakhale pa foni. Chachitatu, ukwati ulembedwe, kalata ikhalepo, ndipo mtsikanayo asunge yekha pasipoti yake ndi mapepala a sukulu, asasiyenso ntchito yake mothamanga. Chachinayi, za munda, za ana, za chipembedzo ndi za kobwera kudzaona makolo zikambidwe ukwati usanachitike. Mwamuna wofuna kubwereka amathawa zinthu zinayi zimenezi, kaya ndi woyera kaya ndi wakuda ngati ife. Mwamuna wofuna kukwatira saziopa.

Anganga aja ndiwo anatseka nkhani. Anati: "Ngati adzakhala pamphasa navula nsapato, ndidzamphikira kalongonda ndi manja angawa. Akadya, ndidzadziwa kuti ndi munthu." Amayi onse anafa nacho chiseko, ndipo ngakhale mayi wosagona uja anamwetulira.

Ndinakwera minibasi yobwerera ku Limbe dzuwa litapendeka, nditanyamula nandolo amene amayiwo anandipatsa. Patapita masabata awiri mayi uja anandiimbira foni. Achimwene ake sanavomere ukwati, koma avomera kumuona mnyamatayo, ndipo tsiku lakhazikitsidwa. Anandipempha kuti ndidzakhalepo, ndipo ndidzapita.

Inu amayi amene mwawerenga, kambiranani nkhaniyi m'magulu mwanu ndi amuna anu kunyumba, mwana asanabwere ndi mlendo pakhomo. Tsiku limenelo likadzafika, funsani za khalidwe lake, za abale ake ndi za cholinga chake, ndipo musatseke chitseko chimene mwana wanu adzafune kulowerapo pobwerera. Amene muli ndi ana kapena abale okwatiwa ndi anthu a mitundu ina, tilembereni kuti anzanu aphunzirepo. Tsalani bwino kufikira sabata ya mawa.