Wokonza njinga, mwini chiyambi cha ulendo

Ku Machinga ndi ku Balaka hatchi sinakhazikikeko. Kashembe wa m'chigwa cha Shire ankapha ziweto zotere, n'chifukwa chake atsamunda ankayenda pa machila atasenzedwa ndi anthu. Lero ulendo wautali wa munthu wamba uli pa njinga ya kapalasa, ndipo asananyamuke amayamba wadzera kwa mmisiri wa pansi pa mtengo.

Mmisiriyu amapezeka pa Ntaja, pa Nsanama, pa Ulongwe ngakhale pa Phalula. Zida zake n'zochepa: masipanala, pampu, chitini cha girisi, solushoni ndi beseni la madzi akuda loviikamo chubu pofuna kuona pomwe pakutuluka mpweya.

Wogula nsomba wopita ku nyanja ya Chilwa kukapikula matemba akafika, mmisiri sathamangira kupopa. Amayamba wafunsa komwe achimwenewo akulowera ndi katundu yemwe akatenge pobwera, pakuti njinga yopita yopanda kanthu si imene imabwerako. Kenako amaigadamitsa, n'kupukusa tayala lakumbuyo diso lili pa limu. Likamayenda mokhotakhota, amamanga masipoko imodziimodzi mpaka liwongoke. Apa ndi pomwe pali luso lenileni, chifukwa sipoko imodzi ikaduka pansi pa dengu lolemera, zinzake zimatsatira, ndipo munthu amaguza njinga dzuwa lonse. Tcheni chikalendewera amachikoka, mabuleki akatha amasintha, makamaka kwa wokatsetsereka mapiri a ku Machinga kulowera ku Liwonde. Kaliyala amaigwedeza ndi manja onse awiri. Ya njinga ya Buffalo inapangidwira makilogalamu 100, koma zambiri za m'misikamu ndi zowotcherera, ndipo ming'alu yake amaiona ndi iye.

Malangizo salipiritsa. Amauza wapaulendo kuti alawire mbandakucha, poti dzuwa la Okutobala ku Balaka silichitira chisoni munthu kapena tayala. Amamukumbutsa za minga ya m'tinjira ndi mchenga wa kufupi ndi nyanja, n'kumupatsa chigamba cha chubu chakale ndi malegeni omangira katundu.

Ntchito yake imayendera nyengo za ena. Chilwa itaphwa mu 1995 ndi mu 2018, asodzi ndi ogula nsomba anasowa chochita, ndipo nayenso makasitomala anamuchepera. Nthawi yokolola mpunga ndi nandolo, njinga zimachita kufola.

Anthu amatamanda wakabaza amene wafikitsa mayi woyembekezera ku chipatala cha boma ku Liwonde, ndipo m'pake. Koma amene anamanga mabuleki a njingayo dzulo lake satchulidwa, pamene nthawi zambiri amaikonza pa ngongole, podalira kuti mnyamatayo akapeza okwera adzabweza madzulo.