Ankayeza mwana, ine osandifunsa

Namondwe wa Freddy anandipeza ndili ndi pakati, mu Malichi 2023. Tinkachita lendi ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Matope ndi miyala zitatsika, amuna anga anandikoka dzanja, tinathawa opanda ngakhale chitenje chosinthira. Mayi woyandikana nafe, yemwe tinkapatsana mchere ndi moto, sanatuluke m'nyumba mwake.

Ndinachira bwinobwino, mwana wamkazi. Odzaona khanda ankati, "Mulungu wakupukutani misozi." Ine n'kumavomera, koma mumtima muli gwa. Ndinkamupatsa bere nkhope ili kukhoma. Akalira, ndinkamva kulira kwa ana a tsiku lija. Mvula ikangowaza pamalata, mtima phaphapha, m'manja thukuta, ndinkamunyamula n'kukaima naye pakhomo, kaya ndi pakati pa usiku. Iye agone, ine maso ali gwa kudenga. Nsima inkazizirira m'mbale.

Apongozi ankati ndi ulesi. "Ife tabereka angati, tinagonapo chonchi?" Ena ankanong'ona zoti andilodza. Ndinatseka pakamwa poopa kuti anganene kuti ndapenga, anditumize kuchipatala cha ku Zomba, mwana andilande. Chomwe sindinauze munthu n'chakuti maganizo oti mwanayu angakule bwino ine kulibe ankandibwerera kawirikawiri.

Kusikelo mwezi ndi mwezi ankayeza mwana, kulemba m'buku, basi tizipita. Mzere ndi wautali, anamwino ndi ochepa, sindiwada. Koma mwana atasiya kukwera sikelo, namwino wina anandiitanira m'kachipinda, natseka chitseko. "Mayi, nanga inuyo mukugona? Mukudya?" Chibadwire cha mwana palibe amene anali atandifunsapo zimenezo. Ndinalira mpaka bulauzi kunyowa.

Anandiuza kuti ndi matenda a maganizo, amagwira amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, makamaka amene aona zoopsa. Bungwe la WHO limati m'maiko osauka mayi mmodzi mwa 5 alionse amadwala chonchi akachira. Ndiye kuti pamzere uja sindinali ndekha, enawo ankangomangira mumtima ngati ine.

Ananditumiza kwa mlangizi, ndipo anati ndibwere ndi amuna anga. Kumeneko ndinafotokoza za mayi woyandikana nafe uja koyamba, dzina lake n'kulitchula. Kuchira kunabwera pang'onopang'ono: tulo kaye, kenako njala, kuseka ndi mwana pambuyo pake. Apongozi mpaka lero savomera kuti anali matenda, komabe ndi iwo amene anayamba kubereka mdzukulu wawo masana kuti ine ndigoneko.