Kiyibodi yakale isagone m'katoni

Ukagula catsopano, anthu sacedwa kufunsa: nanga cakale cija mupita naco kuti? Kwa ine cakaleco ndi Yamaha DX7, mtundu wa kiyibodi umene unayamba kugulitsidwa mu 1983. Imalemera makilo 14 ndipo imasunga mawu 32 okha m'kati mwake. Yatsopano imene ndagula ku Tete ndi yopepuka, yodzaza ng'oma ndi malipenga.

Mayi a kunyumba akuti tiigulitse, tipeze feteleza mvula isanagwe. Sakunama. Koma kabelu kamene kamatsegula pologalamu yanga ya m'mawa pa wailesi kamacokera m'menemo. Kakalira, a ku Calómuè ngakhale a tsidya la ku Dedza amadziwa kuti ndafika. Pa yatsopano ndakafunafuna, koma sikalira cimodzimodzi.

Komabe kuitsekera m'katoni n'kuipha. Fumbi limalowa m'makiyi, ndipo kabatire ka m'kati kakatha mphamvu, mawu onse osungidwa amafufutika osadziwa.

Conco ikhalabe yanga, koma Loweruka lililonse acinyamata a kwaya aziphunzirapo. Za feteleza tamvana: ipita ndi mbuzi.