Mtsikana Wathu Awerenge za Ndani?

Loweruka, ku Liwonde

Achimwene anditumizira mwana wawo wamkazi kuchokera ku Ntaja kuti adzathere tchuthi kuno. Ali ndi zaka 11, ali Sitandade 6, ndipo amawerenga chilichonse chimene chafika m'manja mwake, ngakhale nyuzipepala yokulungira mandasi. Aphunzitsi ake anauza mayi ake kuti mwana wotere apatsidwe mabuku a mbiri ya amayi amene anachita zazikulu. Ntchitoyo yagwera ine poti ndine ndili pafupi ndi msewu wa tala. Ine ndimagulitsa mpunga ndi nyemba pamsika. Kusiyanitsa kilombero ndi faya ndimadziwa, koma buku sindinasankhirepo munthu chibadwire. Ndiye ndizilemba m'kope muno zimene ndikuphunzira.

Lachiwiri, ku Balaka

Ndazungulira kwa ogulitsa mabuku. Kuli mabuku a sukulu, mapepala a mayeso akale, Mabaibulo, mabuku a nyimbo ndi manovelo a Chingerezi. Nditafunsa za mbiri ya mayi aliyense wa ku Malawi, mnyamata wina anandiyankha mwaulemu kuti, "Amayi, zimenezo mukayese ku Blantyre kapena ku Zomba."

Ondithandiza akhala amayi ena, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ndinawadziwira ku banki nkhonde. Anandikhazika pakhonde n'kutulutsa mabuku m'katoni. Awiri ndi a amayi a kuno kwathu: Lomathinda, mbiri ya a Rose Chibambo imene analemba a Timwa Lipenga mu 2019, ndi Fearless Fighter, limene a Vera Chirwa analemba za moyo wawo mu 2007. Onse awiri ndi a Chingerezi ndipo analembera akuluakulu. Ena ndi a ana, a zilembo zazikulu ndi zithunzi, koma ndi a amayi akunja: Malala Yousafzai wa ku Pakistan ndi Wangari Maathai wa ku Kenya. La Chichewa panalibe ngakhale limodzi.

Anandilangiza chinthu chimodzi pondiperekeza: "Mayi, musampatse mwana buku limene inu simunalitsegule."

Lachisanu

Ndikuwerenga Lomathinda usiku mwanayu akagona. Chingerezi changa ndi cha Fomu 2, motero ndikuyenda pang'onopang'ono, mawu ovuta ndikumawalemba pambali kuti ndikafunse.

Madzulo ano tikuwerengera ndalama za tsikuli, ndinatenga K200 n'kumuonetsa nkhope ya a Chibambo ili pamenepo. Dzina analiwerenga yekha, koma sankadziwa kuti anali ndani. Ndinamufotokozera m'Chichewa zimene ndagwira: kuti mayiwa anabadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba mu 1928, kuti ndi amene anasonkhanitsa amayi m'chipani cha Nyasaland African Congress kulimbana ndi chitaganya, ndiponso kuti mu Malichi 1959 boma la atsamunda linawagwira atangochira kumene, n'kuwatsekera kundende ya Zomba ndi khanda lawo kumanja.

Mwanayu anasiya kuwerengera ndalama. "Azakhali, matewera ankachapira kuti?"

Funso limeneli landiphunzitsa zambiri. Ine ndinkakonzeka kumuuza za maudindo, zoti anadzakhala phungu ndi wachiwiri kwa nduna. Iye ankafuna kudziwa za khanda, za chakudya, za mantha a usiku. Anafunsanso chifukwa chake munthu womenyera ufulu anathawanso m'dziko ufuluwo utabwera. Ndinamuuza za kusamvana kwa Kamuzu ndi nduna zake mu 1964, kuti a Chibambo anakakhala ku Zambia pafupifupi zaka 30 n'kubwerera mu 1994. Ndinawonjezera kuti nkhani imeneyo inafika mpaka pamtsinje wa Shire umene tikuuona tsiku ndi tsiku, chifukwa mu Febuluwale 1965 gulu la a Henry Chipembere, mmodzi wa nduna zija, linathera ulendo wake pa doko la Liwonde pomwe pano, litapeza pantoni ili tsidya lina. Apo m'pamene anatong'ola maso. Mbiri ija inasiya kukhala ya kutali.

Lamulungu

Buku la Malala walimaliza yekha, ndipo ili ndilo analikonda msanga. Ndi lija analikonzera ana. Ndinkada nkhawa kuti Pakistan ndi kutali, koma iye anaona mtsikana wachisilamu wofunda kumutu ngati anzake ambiri a ku Ntaja amene m'mawa amapita kusukulu, masana ku madrasa. Anadabwa kuti kuli anthu amene anaombera mwana wa zaka 15 m'basi ya sukulu mu 2012 chifukwa chongofuna kuphunzira. Zoti Malala analandira mphoto ya Nobel mu 2014 sanazilabadire kwenikweni. Chimene anabwereza kangapo n'chakuti bambo ake a Malala anali kumbali ya mwana wawo. Mawu amenewa ndikawafikitsa kwa achimwene.

La Wangari Maathai ndi lopyapyala, la ana ocheperapo kuposa iye, ndipo analimaliza nsima isanapse. Komabe linagwira ntchito yake. Mayi ameneyu anayambitsa Green Belt Movement mu 1977, kulimbikitsa amayi akumidzi kudzala mitengo. Mwanayu anangoloza matumba a makala amene amandanda m'mbali mwa msewu wopita ku Machinga boma, n'kufunsa kuti mitengo ya m'phiri ikatha tidzaphikira chiyani. Sindinamunamize. Ndinamuuza kuti nafenso pakhomo pano timaphikira makala omwewo.

Lachitatu

Fearless Fighter landisowetsa tulo. A Vera Chirwa, obadwa mu 1932, ndi mayi woyamba m'Malawi kukhala loya. Iwo ndi amuna awo a Orton Chirwa anagwidwa pa 24 Disembala 1981 cha ku Chipata, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, kenako chilangocho chinasanduka ndende ya moyo wonse. A Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo mayiwa anatulutsidwa mu Januwale 1993.

Kodi mwana wa zaka 11 apatsidwe zimenezi? Ndaganizira mbali zonse. Kumubisira sindikufuna, chifukwa ana a kuno amaona maliro, njala ndi madzi osefukira, si ana osadziwa mavuto. Koma kumusiyira buku la maunyolo ndi chipinda cha yekha kuti awerenge pa tochi usiku, popanda womufunsa, n'kumusenzetsa katundu wosayenera msinkhu wake. Ndasankha kuti bukuli aliyembekezere mpaka akafike ku sekondale. Pakadali pano ndamufotokozera ndekha, pakamwa, masana dzuwa likuwala, ndipo ndatsindika zimene mayiwa anachita atatuluka: sanakhale pansi kulira, anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba kudziwa ufulu wawo. Ndikuona kuti kusankha buku n'kusankhanso nthawi yake, ndi munthu wokhala pambali pa mwanayo.

Loweruka

Lero nkhani inayamba ndi iye. Tikusankha nyemba, ananena motsitsa mawu kuti mnzake wa m'kalasi sanabwerere kusukulu teremu yatha, akuti anamupezera mwamuna. Ndinakhala chete kanthawi. Mwa mabuku onse aja panalibe limene linali pafupi ndi nkhani imeneyi kuposa mayi amene buku lake ndilibe, Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza. Za iwo ndinazimva pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Anali chitsirizira m'banja la ana 12, anagwira ntchito ya usekilitale pa koleji ina ku Zomba zaka 27, kenako mu 2003 anaitanidwa kwawo kukalowa ufumu. Atafika anayamba kuthetsa maukwati a ana, oposa 850, kubwezera anawo kusukulu, ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera mchitidwewu.

Ndinamuuzanso kuti lamulo lili kumbali yake. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja mu 2015, ndipo mu 2017 inasintha Malamulo Aakulu a dziko kuti pasakhalenso mpata woti makolo avomereze ukwati wa mwana. Pakati pa amene anamenyera zimenezi panali mtsikana, Memory Banda, amene mng'ono wake anatenga pakati ali ndi zaka 11.

"Ngati ine, azakhali?"

"Ngati iwe, mwanawe."

Tagwirizana kuti akabwerera ku Ntaja, mayi ake akalankhule ndi amayi a mother group pasukulupo za mnzake uja.

Lachiwiri

Mwanayu wayamba kope lake. Tsamba lililonse mayi mmodzi, m'Chichewa, m'mawu akeake. Waika a Chibambo, a Kachindamoto, Malala, ndi a Joyce Banda a kwa Malemia ku Zomba, pafupi ndi ife pompa, amene analamulira dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014. Wawonjezera yekha Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi, poti amakonda mpira wamiyendo, komanso Mwai Kumwenda amene anasankhidwa wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Tsamba lina walisungira agogo ake aakazi, akuti akawafunsa m'Chiyao mmene anadyetsera banja m'njala ya 2002. Ili sindinamuuze ndine, ndipo ndi limene landikondweretsa kwambiri.

Ana athu amaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, Chingerezi n'kulowa mwamphamvu mu Sitandade 5, ndiye pa zaka 10 kapena 11 ambiri sangathe buku lalikulu la Chingerezi paokha. Si mtsikana aliyense wa ku Nsanama, Ulongwe kapena Phalula amene ali ndi azakhali oti amumasulire. Inu alembi athu, makina osindikizira mabuku ali ku Balaka komweko. Tilembereni timabuku ta masamba ochepa, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ta a Chibambo, a Chirwa ndi a Kachindamoto, pamtengo woti mayi wa pamsika angakwanitse.