Ku Manenekela Ambulansi Yoyamba ndi Anthu a M'mudzi

Woyenda pa mseu wa Great East kucokera ku Lusaka akapitirira Rufunsa ndi Mpanshya, amaona midzi ikutalikirana ndipo mseu ukulowa m'mapiri a Manenekela. Kumeneko umakhotakhota ngati njoka yothawa lupsa, phiri mbali ina, phompho mbali inayo, mpaka kutsikira pa ulalo wa Luangwa umene unamangidwa mu 1968, pa malire a cigawo ca Lusaka ndi ca Kum'mawa. Ulendo wa ku Chipata ndi wa makilomita oposa 550, koma ndi m'mapiri muno mmene oceza m'basi amakhala cete ndipo amai amatulutsa korona. M'mbali mwa mseu simuona zambiri: mitengo ya misuku, anyani pa miyala, ndi matumba a makala oimikidwa kudikira wogula.

Mseu umenewu tinauyenda zaka zambiri m'galimoto ya Peugeot 404 imene malemu atate, mphunzitsi wa pa mishoni, anatisiyira. Galimoto za mtundu uwu zinayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuzimanga mpaka 1991, cifukwa zinali zopirira pa miseu ya kuno. Yathu inali yoyera, giya yake pa ciwongolero. Inanyamula akwati, odwala, cimanga, ngakhale bokosi la mwini wake. Ana ankaicha “Agogo”.

Mu Ogasiti 2019 tinanyamuka atatu kupita ku cikwati ku Katete: ife, amai a kunyumba, ndi mphwathu amene anali kuyendetsa. Titakhota pa ngodya ina yotsetsereka, tinangoona lole yowonongeka itaima pakati pa njira, popanda ngakhale nthambi ya mtengo yocenjeza. Tsoka silinunkha. Mnyamatayo anaponda mabuleki nakhotetsa, matayala anagwira miyala ya m'mbali, ndipo galimoto inagubuduzika kawiri kulunjika kuphompho. Mtengo wa msuku ndiwo unaigwira. Cimene tikumbuka ndi fumbi m'kamwa, fungo la petulo, ndi tayala limodzi likuzungulirabe m'mwamba.

Foni inalibe netiweki. Oyamba kufika anali amuna anai oocha makala, nkhwangwa zili m'manja. Anatswa citseko ndi nkhwangwazo natitulutsa mmodzimmodzi. Mai wina amene sitinamuonepo cibadwire anang'amba citenje cake namanga mutu wa mnyamata, amvekere, “Mwananga, usagone, yang'ana ine.” Mkulu wa gululo anatuma ana kukaika nthambi pa mseu uku ndi uku, kuti ena asagwere m'tsoka lomwelo. Kenaka anaimitsa vaneti ya matimati yopita ku Nyimba. Mwini wake anatsitsa mabokosi, natembenuka, natifikitsa ku cipatala ca St Luke ku Mpanshya. Tinacoka kumeneko ndi nthiti zitatu zothyoka, phewa la amai lili m'bandeji, mnyamata atasokedwa pamphumi, koma tonse amoyo. Tikuyamika Mulungu.

Adokotala anatiuza kuti malamba ndiwo anatisunga. Galimoto zakale zilibe matumba a mphepo otchinjiriza munthu monga za lero, ndipo zina zilibe ngakhale malamba akumbuyo. Ife tinali titapempha makanika kuti aike malamba pa mipando yonse, ndipo tsiku limenelo tonse tinali titamanga. Inu amene mumasunga galimoto za makolo, zikondeni ndithu, koma dziwani kuti pa mtsetse wautali mabuleki amatentha ndi kufooka. Tsikani phiri ndi giya yaing'ono, injini ikuthandizeni, ndipo musakhote ngodya ndi liwiro loti simungaime mukapeza cinthu kutsogolo.

“Agogo” sanayendenso. Patapita milungu iwiri anakokedwa ndi ng'ombe zinai kukwera nawo pa mseu, ndipo eni mudzi anali atasunga batire, jeke ndi sutikesi ya zovala za cikwati, osasowapo ngakhale mpango. Tinaumva cisoni, pakuti m'citsulo cimeneco munali fungo la atate. Koma citsulo ndi citsulo; sicingamange bala la munthu.

Apaulendo ambiri amaona Manenekela ngati malo ongothamangapo, kuti akafike msanga pa msika wa pa ulalo kukagula nsomba zouma, madengu ndi masau. Akaima m'mapirimo, kawirikawiri amangotsitsa galasi pang'ono ndi kukangana za mtengo wa thumba la makala. Abale okondedwa, mukadzadutsa kumeneko, tsikani, perekani moni, funsani za ana, ndipo lipirani mtengo woyenera. Cipatala cili kutali, apolisi ali kutali, ndipo pa tsiku la ngozi manja akuda ndi makala amenewo ndiwo amayamba kufika.