Kompyuta itadwala, angongole anga anavina

Inu anzanga a mumsika wa Lilongwe, Limbe ndi Mzuzu, amene mumagulitsa lero n'kulandira ndalama lero lomwe, muziyamika. Kuno ku Kasungu geni yathu ndi ya ngongole. Ine ndili ndi kagolosale m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo makasitomala anga ambiri sagwira khobidi. Ndi alimi a fodya. Amatenga sopo, mchere, shuga, mafuta, ngakhale ufa wa matenanti awo, mawu ake amodzimodzi: "Lembani, tidzaonana fodya akalowa ku Chinkhoma."

Kale ndinkalemba m'kope. Chiswe chitandidyera masamba asanu, ndinagula kompyuta ya kaunjika ku Lilongwe, zija zotsika m'maofesi a kunja, n'kuiika pabalaza. Madzulo aliwonse ndinkakopera ngongole za tsikulo mu Excel, timapepala take n'kuyatsira mbaula. Ndinkadziona ngati bwana wa ku banki.

Ndiye m'mawa wina mwezi wa Malichi, fodya ali m'zigafa, magetsi atazima usiku wonse, ndinayatsa makina anga. Chizindikiro cha Windows 7 chinangoti balamanthu, kenaka sikirini yonse buluu, makina n'kudziyambanso okha. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachisanu chimodzimodzi. M'katimo munali maina 74 ndi mpamba wanga wonse.

Cholakwa changa chachikulu chinali kudandaulira pabawo. Pofika madzulo nkhani inali itafika mpaka ku Chamama yakuti kompyuta ya agolosale yafa ndi maina omwe. Anthu amene ankandizemba panjira anayamba kundipatsa moni wa manja awiri. Wina mpaka anabwera kudzapepesa ngati pamaliro, mano ali poyera.

Ndinaitana mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzirako za makompyuta. Anabwera ndi mafulashi atatu m'thumba.

"Atsibweni, musade nkhawa. Windows wanuyu ndi nkhalamba, eni ake anasiya kumusamala mu Januwale 2020. Tingoikamo watsopano."

Kwa inu amene simunagwirepo, Windows ali ngati kapitawo pa esiteti. Zigafa, ngolo ndi antchito zingakhalepo, koma popanda kapitawo palibe chiyenda. Kuika Windows wina n'kulemba kapitawo watsopano.

Vuto loyamba, makinawo anakana kuiona fulashi. Ankangothamangira kwa kapitawo wodwala uja. Mnyamatayo anati pamafunika kudina batani lina makina akangoyaka, kuti asankhe poyambira. Makina ena ndi F12, ena F9, ena Esc. Tinadina ngati tikuimba ng'oma mpaka kamndandanda kanatuluka. Pamenepo ndinaona pakona tsiku lolembedwa la chaka chakalekale, mwana wanga woyamba asanabadwe. Ndinamufunsa. Iye anangoti, "Zimenezo n'zazing'ono, atsibweni." Sungani mawu amenewa.

Vuto lachiwiri, Windows 11 anatikana poyera. Ameneyu anatuluka mu 2021 ndipo ali ndi malamulo ake: memole yosachepera 4 GB, malo osachepera 64 GB, ndiponso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Memole inakwana, malo analipo, koma kachipangizoko makina anga analibe. Anzanga amene mukufuna kugula kompyuta ya kaunjika, funsani zimenezi musanatulutse ndalama, chifukwa wogulitsa adzangokuonetsani kuwala kwa sikirini.

Tinatenga fulashi yachiwiri, ya Windows 10. Nayenso thandizo lake la masiku onse linatha pa 14 Okutobala 2025, koma mphwanga anati bola tiyambe tadzuka. Uyu sanavute. Anatifunsa chinenero, anatifunsa zina, kenaka anationetsa zigawo za disiki, pansi pake pali timawu tachizungu. Ndinaona kamuvi kakulunjika pa mawu akuti Format.

Chizungu changa n'cha sitandade 8, koma mawu amenewa ndinawamvapo kwa okonza mafoni.

"Taima kaye mphwanga. Ukadina pamenepo, ngongole zanga zipita kuti?"

Anandiyang'ana. "Kodi simunasunge kwina?"

"Kwina kuti?"

Anachotsa dzanja pa mausi pang'onopang'ono ngati waona njoka. Mayi a kunyumba, amene anaima pakhomo ndi lichero, anangoti, "Ndinanena ine kuti kope silizima magetsi." Sindinawayankhe. Za chiswe zija anali ataiwala dala.

Kunena mosapsatira, apa ndi pamene ambiri amalirira. Mnyamata wokonza amafuna makina ayake, alandire yake, azipita. Zimene zili m'katimo si zake. Ukapanda kufunsa, amasesa nyumba yonse ndi katundu yemwe, n'kukupatsa makiyi akumwetulira. Mphwangayu si woipa mtima ayi, anangoganiza kuti munthu wamkulu ngati ine sangasunge chuma chake chonse pamalo amodzi.

Chinatipulumutsa ndi fulashi yachitatu. Munali kapitawo wa mtundu wina, dzina lake Ubuntu, wa banja la Linux. Anamuyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzinalo ndi lomwe lija ife timati umunthu. Salipiritsa. Ubwino wake wina ngwakuti amatha kugwira ntchito ali pa fulashi pomwepo, osakhudza kanthu pa disiki, ngati mlendo wongosuzumira m'nyumba. Tinasankha zongomuyesa, osati kumuika. Patapita mphindi zingapo mnyamatayo anatsegula disiki yanga, ndipo ndinaona ndi maso angawa fayilo yolembedwa NGONGOLE. Abale, ndinakhala pansi. Tinaikopera pa fulashi ina, pa foni yanga, ndi pa foni ya mayi a kunyumba. Zithunzi za ukwati wa mwana wathu tinazikumbukira pambuyo, Mulungu andikhululukire.

Tsopano tinakhala upo. Windows 11 watikana, Windows 10 eni ake amutsanzika, Ubuntu ndi uyu watithandiza. Ndinafunsa funso limodzi: kodi atsegula Excel wanga? Anati pali pulogalamu yotchedwa LibreOffice imene imatsegula mafayilo amenewo bwinobwino, nayonso yaulere. Ndinati muike.

Ntchito ili pakati, magetsi thi!

Kuzima kwa magetsi kapitawo ali mkati molowa n'koipa, chifukwa wakale wachoka kale, watsopano sanakhazikike. Tinadikira mpaka usiku. Atayaka, makina anakananso kuona fulashi, ndipo tsiku lija, lomwe mphwanga anali atalikonza masana, linabwereranso ku chaka chakale chomwe chija. Apa mnyamatayo anagwira pakamwa.

Anatsegula chibokosi chija ndi sikuludiraiva. M'kati, kupatula fumbi la Kasungu lokwana kubzalamo mtedza, munali kabatire kozungulira ngati kandalama kachitsulo, kolembedwa CR2032. Anandifotokozera kuti makina asanadzutse kapitawo, pamakhala mlonda wapageti wotchedwa BIOS, amene amasunga tsiku, nthawi, poyambira ndi njira yolankhulirana ndi disiki. Magetsi akazima, mlondayu amakumbukira zonsezi ndi mphamvu ya kabatire kameneka. Kakatha, amaiwala n'kubwerera ku malamulo a kufakitale. Njira zolankhulira ndi disiki zilipo ziwiri pa makina akale, IDE ndi AHCI, ndipo Windows 7 amene anaikidwa pa njira imodzi ukamusinthira inayo, amagwa ndi sikirini ya buluu.

"Ndiye ukuti chiyani?" ndinafunsa.

"Ndikuti mwina Windows wanu sankadwala, atsibweni. Mwina tikanangosintha kabatire n'kubwezera njira ija."

Tinachotsa kapitawo wosalakwa chifukwa cha mlonda woiwala. Kabatireko tinakagula m'mawa mwake kwa wokonza mawotchi mumsika wa pa boma, mtengo wake wosafika ngakhale wa paketi ziwiri za shuga. Titakaika, Ubuntu analowa osatsokomola. Pulinta yanga yakale inatenga masiku awiri kuti imvane naye, ndipo mpaka lero ndimasochera posaka pozimitsira. Koma maina 74 aja anatuluka onse, aliyense ndi mchere wake.

Sindinauze munthu. Pabawo ndinkangopukusa mutu anthu akandifunsa, iwo n'kumandilimbitsa mtima kuti chuma n'chapadziko.

Msika utatsegulidwa ku Chinkhoma, mkulu uja anadzapepesa ngati pamaliro anatulukira atavala jekete latsopano, wailesi ili kukhwapa. Anati iye ndi munthu woopa Mulungu, sangadye za mwini ngakhale mabuku anapsa, ndipo mmene akukumbukira anatenga shuga kawiri ndi sopo mmodzi. Ndinamupatsa mpando. Ndinatuma mwana kunyumba kukatenga pepala limene ndinasindikiza usiku wake. Linali ndi mizere 19, kuyambira pa 3 Disembala.

Anawerenga ndi chala, mzere ndi mzere, kawiri konse.

"Achimwene, paja munati makina aja anafa?"

"Anakomoka chabe."

Analipira theka, n'kusiya wailesi ija kuti adzaitenge belo lachiwiri likagulidwa. Ikulira pashelefu pano ndikulemba.