Theka la Inchi

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwa amalume ku Zomba, m'nyumba ija yakale yomangidwa nthawi ya atsamunda. Mpopi wa shawa unali kudontha usana ndi usiku, ndipo azakhali anali atatopa ndi kutchera ndowa. Amalume atanena zoitana pulambala, ine ndinati ayi, ndalamazo zisungike. Ndimaphunzira sayansi pa koleji. Kampopi kangandikanike bwanji?

Ndinatenga rula nkuyeza kunenepa kwa paipi. Ndinapeza mamilimita 21. Theka la inchi silikwana ngakhale 13, pamene magawo atatu a magawo anayi a inchi ndi 19. Masamu anali poyera. Amalume anandipatsa ndalama, zimene ndinadziwa kuti zadulidwa pa za ndiwo, ndipo ndinakagula mpopi wa 3/4, wonyezimira bwino.

Kuchotsa wakalewo kunandidyera m'mawa wonse, chifukwa dzimbiri linali litaukwatitsa ndi paipi. Utachoka, ndinalowetsa watsopano uja. Unangoti khwekhwerere! Mazinga osagwirana nkomwe, ngati mwana wavala nsapato za atate ake. Madzi ndinali nditatseka kumita, nyumba yonse ili gwa, ndipo wakale uja ndinali nditauphwanya ndi sipanala. Kusitolo anandilozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Anandiombola ndi bambo wina wokalamba amene amagulitsa zitsulo zakale pamsika. Nditafotokoza, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwayeza kunja, achimwene. Paipi dzina lake limachokera kubowo."

Ndiye kuti paipi yotchedwa theka la inchi kunja kwake ndi mamilimita pafupifupi 21, ndipo ya 3/4 ndi 26 ndi pang'ono. Pambuyo pake ndinawerenga kuti mazinga amenewa amatsata kapangidwe ka Joseph Whitworth wa ku Mangalande, ka m'chaka cha 1841. Munthuyo anafa kalekale, ife m'kalasi timalemba mamilimita, koma m'khoma la bafa akulamulabe ndiye. Mkulu wa pamsikayo za Whitworth sanazitchule. Anangovundula m'chitini nkutulutsa tizitsulo tiwiri totchedwa mabushi, kunja mazinga a 3/4, mkati a theka. Anandilangizanso kuti pokulunga tepi nditsate kumene mpopi umazungulira pomanga, apo ayi tepiyo idzafunyululuka.

Ndinamaliza dzuwa litapendeka. Ana anali atapita kusukulu osasamba, nsima inaphikidwa ndi madzi opempha kwa aneba. Amalume analowa m'bafa, natsegula, natseka, nayika dzanja pansi pa mpopi kwa kanthawi. Panalibe dontho.

"Wagwira ntchito, mphwanga," anatero. Kenaka anafunsa mtengo wa mabushi aja, nauphatikiza ndi wa mpopi chamumtima, milomo ikugwedera. Yankho lake sanandiuze, ndipo ine sindinafunse kuti pulambala akadalipiritsa zingati.